Mutu 6: Bowo la Pansi pa Mpanda

1. Kalata ya m'buku la jogalafe

Pasukulu ponse panalibenso womuitana dzina lake. Chimusankhireni kukhala wapampando wa kalabu ya zachilengedwe, aliyense ankangoti Tcheya, ndipo mwiniwake dzinalo linkamutsekemera. Anali mtsikana wa Fomu 3, wamtali, wolankhula mothamanga. Akamayenda pakhonde ankakumbatira faelo yobiriwira, ngakhale tsiku limene m'faelomo munalibe pepala ndi limodzi lomwe.

Chaka chimenecho khonsolo ya mzinda inakonza mpikisano wa ukhondo m'sukulu. Sukulu yopambana inkalandira chikho, ndipo chikho chimenecho Tcheya ankachifuna ndi mtima wake wonse. Anali atayamba kale kuyeserera mawu othokoza pagalasi la amayi ake.

Kwa masabata atatu ana anasesa, anakolopa, anapenta miyala ya m'mbali mwa njira. Anatulutsa zonse zimene zinaunjikana m'chipinda chosungiramo katundu kwa zaka zambiri: makope akale, makatoni, zidutswa za madesiki, majumbo ndi mabotolo. Zonsezi anakaziunjika kuseri kwa zimbudzi, pafupi ndi mpanda. Mulu unakula mpaka kupitirira msinkhu wa mwana wa Fomu 1.

Kutentha zinyalalazo kunali koletsedwa, chifukwa oweruza ananeneratu kuti akadzaona phulusa la pulasitiki adzachotsa mapointi. Dzala linali litadzaza kalekale. Njira inatsala imodzi, ndipo aphunzitsi a jogalafe, amene ankayang'anira kalabuyo, anaifotokoza bwinobwino.

"Lemba kalata yopempha lole ya zinyalala," anatero aphunzitsiwo. "Aphunzitsi aakulu asaine. Ukaipereke kwa a komiti ya dera lino, iwowo akadinde n'kuipititsa ku khonsolo. Zimatenga masiku khumi, ndiye usagone nayo."

Kalatayo Tcheya analembadi, ndipo aphunzitsi aakulu anasaina. Koma tsiku lokaipereka linawombana ndi tsiku lopenta chinsalu chatsopano cha kalabu. Pakati pa kupenta zilembo anzako akukuchemerera ndi kukaima pamzere pakhomo la a komiti, aliyense akudziwa chimene chimakoma. Kalata inalowa m'buku la jogalafe, patsamba la mitsinje, n'kugona momwemo.

Anaikumbukira Lachitatu masana. Oweruza ankabwera Lachisanu.

2. Mawu a mlonda

Ataweruka, Tcheya anasonkhanitsa ana a Fomu 1 khumi ndi awiri ndi mawilibala atatu. Kuseri kwa zimbudzi, pansi pa mpanda, panali bowo lotulukira madzi a mvula. Njerwa zingapo zinali zitagumuka, moti katoni inkadutsapo bwinobwino. Kunja kwake kunali ngalande yaikulu ya simenti, yochokera pamtunda pamene panali sukulupo, kudutsa pamsika, kukalowa pansi pa msewu wakumunsi. Mvula inali isanayambe, ndiye ngalandeyo inali youma gwa.

Ngalande imeneyo Tcheya ankaidziwa kuposa mmene ankafunira. Bambo ake anali mmodzi mwa anthu a maovololo a olenji amene khonsolo inawalemba kuti aziiyeretsa. Chigawo chawo chinkayambira pamsika kukafika pakalavati, pamene madzi amalowa pansi pa msewu wakumunsi. Anzake akamufunsa, iye ankangoti, "Bambo ali ku khonsolo," n'kusintha nkhani. Popita kusukulu ankazungulira njira yaitali ya kuchigayo, kuti asakumane nawo ali ndi fosholo m'manja.

Wilibala yoyamba itangokhuthulidwa, anatulukira a mlonda a masana, bambo wachikulire wotsimphina, amene sankavula chipewa chawo cha ubweya ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Kodi a Tcheya, zimenezi zikupita kuti?"

"Kunja kwa mpanda, agogo. Za kunja si za sukulu."

"Nanga lole ija?"

"Sinabwere."

"Sinabwere, kapena simunaiitane?"

A mlonda anatsamira ndodo yawo n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, undimvere kaye. Ine ngalande iyi ndimaidziwa kuyambira pamene yayambira mpaka pamene yathera. Iwe mphamvu zako zimathera pampanda pano, n'zoona. Aphunzitsi aakulu nawonso zawo zimathera pageti. Ukatuluka pageti, za m'misewu ndi m'makomo zili m'manja mwa komiti ya dera. Ngalande ndi ya khonsolo, chifukwa imadutsa madera anayi. Ikakathira mumtsinje, kumeneko kuli enanso, a ofesi yoyang'anira mtsinje, amene ngakhale khonsolo imawamvera. Aliyense anapatsidwa pake. Koma madzi akabwera sadzaima pampanda kufunsa kuti kuno n'kwa ndani. Adzanyamula zonse ukutayazi n'kukazitula pakhomo pa munthu amene sakudziwa n'komwe kuti kuno kuli mpikisano. Kalata ija sanaikhazikitse kuti akuvutitse ayi. Ndiyo njira yoti akumwamba adziwe chimene chakukulira iwe pansi pano. Ngati wachedwa nayo, pita ukanene kuti ndachedwa. Chikho chikudutse chaka chino, chidzabweranso."

Anatsitsa mawu, koma sanatsitse mokwanira.

"Ndipo iwe ukumudziwa munthu amene amatsika m'ngalande muno."

Mwina akanakhala yekha, Tcheya akanamva. Koma ana khumi ndi awiri anali atamuyang'ana, ndipo kamtsikana kena kanali katayamba kale kufunsa mnzake kuti agogowo akunena ndani. Nkhope yake inatentha.

"Agogo, inu ntchito yanu ndi geti. Za ukhondo tisiyireni ife ophunzira."

Ana anaseka, monga ana amasekera akaona wamkulu akuyankhidwa mwano. A mlonda anakonza chipewa chawo n'kubwerera kugeti.

Pofika 5 koloko mulu wonse unali utatha. Pomaliza Tcheya anatenga chinsalu chakale cha kalabu, chosuluka, chimene analemba yekha chaka chatha n'kusaina pakona kuti Tcheya. Anachipinda n'kuchikankhira pabowo ndi phazi.

3. Chikho ndi mvula

Lachisanu oweruza anazungulira sukulu yonse. Anasuzumira m'zimbudzi, anapaka chala pamawindo, anafika ngakhale kuseri kuja n'kupeza posesedwa mpaka kuoneka mizere ya tsache. Palibe amene anasuzumira kunja kwa mpanda, chifukwa pafomu yawo panalibe funso la kunja kwa mpanda.

Mtsogoleri wawo anali mayi wa magalasi, mkulu wa zaukhondo ku khonsolo. Popereka chikho anamugwira Tcheya paphewa.

"Mwana wakhama chonchi, makolo ako amagwira ntchito yanji?"

"Bambo ali ku khonsolo komweko, mayi. Mu ofesi."

Bodzalo linatuluka mosavuta, chifukwa linali litazolowera njira.

Madzulo ake bambo ake atamva za chikho anasangalala ngati apambana ndi iwo. Anamuuza kuti afotokoze kawiri konse mmene mayi wa magalasi anamugwirira paphewa. Za funso lija Tcheya sanatchule.

Loweruka masana kumwamba kunada bii, ndipo mvula yoyamba inakhuthuka. Bambo ake anaima pakhomo akuyang'ana madzi akutsika padenga.

"Igwe mmene ingathere," anatero mosatekeseka. "Chigawo changa ndinachimaliza Lachiwiri. Ungadyeremo m'ngalande muja."

Sipanathe ola. Mayi wina anafika akuthamanga, atanyowa thupi lonse, akukuwa kuti madzi alowa m'nyumba za kumsewu wakumunsi. Bambo anavala jombo ndi ovololo, anatenga fosholo ndi mbedza yawo yachitsulo n'kuthamanga. Tcheya ndi amayi ake anawatsatira ndi ambulera imodzi.

Pakamwa pa kalavati pali zitsulo zoimika ngati za pawindo, zoti zizigwira zinyalala madzi n'kumadutsa. Tsiku limenelo zitsulozo sizinkaoneka. Panali khoma la makatoni, majumbo ndi matabwa, ndipo madzi atasowa kolowera anakwera n'kusefukira mumsewu. Analowa m'nyumba khumi ndi zinayi. M'shopu ya mayi wosoka zovala anafika m'mawondo. Mayunifolomu a ana a eni, amene anali atawapinda bwinobwino pashelefu yapansi, ankayandama pakhomo.

Bambo a Tcheya analowa m'madzimo mpaka m'chiuno, akukoka zinyalala ndi mbedza. Anthu anaima m'mbali akuwalalatira.

"Mumakhala mukuchita chiyani masiku onse?" anakuwa mayi wosoka uja, misozi ikusakanikirana ndi mvula. "Kungokhala pamthunzi ndi fosholo! Taonani nsalu za eni ake! Ndikawauza chiyani?"

Bambo anapitiriza ntchito. Anakoka mwendo wa desiki n'kuuponya pamtunda. Unagwera pafupi ndi mapazi a Tcheya. Unali ndi penti yobiriwira ya kusukulu kwawo. Iye anabwerera m'mbuyo n'kubisa nkhope kuseri kwa ambulera ya amayi ake.

4. M'thumba la ovololo

Lolemba bambo anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, ndipo m'manja mwawo munali envelopu. Kapitawo wawo anali atalemba lipoti loti sanayeretse chigawo chawo. Anaimitsidwa ntchito. Lachitatu m'mawa ankayenera kukaonekera ku holo ya komiti ya dera, pamaso pa akuluakulu a khonsolo ndi anthu onse amene nyumba zawo zinalowa madzi. Akapezeka olakwa, ntchito ithera pomwepo.

Tcheya ankadya osamva kukoma, akapita kusukulu anzake n'kumamuimbira m'manja.

Lachiwiri ataweruka amayi ake anamupatsa ovololo ya bambo kuti achape. Anaiika m'beseni, n'kuyamba kupisa m'matumba monga amachitira nthawi zonse. M'thumba la pachifuwa munali chinthu chonyowa, chopindidwa kanayi. Anachitambasula. Linali theka la chinsalu chakale chija, long'ambika pakati. Zilembo zinali zitasuluka ndi matope, koma pakona panali powerengeka bwinobwino: Tcheya.

Atadzutsa mutu anaona bambo ake ataima pakhomo la kukhitchini.

"Bweretsa kuno," anatero motsitsa.

"Ababa, munachipeza liti?"

"Loweruka lomwe lija. Chinakulunga zitsulo ziwiri zapakati. Ndicho chinagwira zina zonse."

Amayi anamva mawuwo n'kutuluka, mpeni ndi anyezi zili m'manja. Anayang'ana nsaluyo, anayang'ana mwana wawo, n'kukhala pansi pa sitepe.

Tcheya anafotokoza zonse, za kalata, za bowo, za mawilibala. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana wanga," anatero, "ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ngalande yandiphunzitsa chinthu chimodzi. Munthu aliyense wakumtunda amaganiza kuti chimene wachotsa pakhomo pake chatha. Sichitha. Chimangosamuka. Ine ndimagwira kumunsi, ndiye ndimalandira za aliyense. Ndimadziwa tsiku limene pamsika agulitsa kabichi wambiri, ndimadziwa nyumba imene kwabadwa mwana. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikutola za anthu osawadziwa. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzatola za mwana wanga. Koma zachitika. Tsopano tamvera. Nsalu iyi ndikaionetsa mawa, chikho chikupita, ndipo dzina lako liipa pasukulu ponse, mwina akuchotsa kumene. Iwe uli ndi mayeso chaka chamawa. Ine kunyozedwa ndinazolowera. Mawa upite kusukulu, utseke pakamwa."

"Koma ababa, akuchotsani ntchito."

"Ndikapeza ina. Ngalande sizidzatha m'dziko muno."

Anatembenuka kuti alowe m'nyumba, kenako anaima.

"Ndipo njira ya kuchigayo ija usiye. Ndi yaitali, ikukuthera nsapato. Uzidutsa ya pamsika. Ukamadutsa ine ndiziyang'ana kumbali, anzako sadzadziwa."

Apa m'pamene Tcheya anagwetsa misozi. Masiku onsewa ankaganiza kuti bambo ake sadziwa. Manyazi anamugwira mpaka kulephera kuwayang'ana ngakhale kumapazi.

Amayi anadikira kuti bambo alowe.

"Ine sindikuuza chochita," anatero. "Wakula, ndipo unatha kulamula ana khumi ndi awiri popanda kundifunsa. Koma udziwe ichi. Bambo akowa sanajombepo ntchito, ngakhale chaka chija anadwala chifuwa. Mawa akawachotsa, sakawachotsa ngati munthu wokalamba kapena wodwala. Akawachotsa ngati waulesi ndi wabodza, pamaso pa anthu amene timakumana nawo pamsika tsiku ndi tsiku. Dzina limenelo adzakhala nalo mpaka kumanda. Maliza kuchapa."

5. Mu holo ya komiti

Lachitatu linali tsiku loti Tcheya aonetse chikho pamzere wa m'mawa ndi kulankhula mawu aja ankayeserera pagalasi. Anafika pageti belu litatsala pang'ono kulira. A mlonda anamutsegulira. Za kumsewu wakumunsi anali atamva, koma chiyambireni sabata sanamufunse ngakhale funso limodzi.

Tcheya anaima pakati pa geti. Kutsogolo ana anali atayamba kufola, ndipo chikho chinkanyezimira patebulo.

"Agogo," anatero ndi mawu aang'ono, "ndinakuyankhani mwano. Mundikhululukire."

"Lowa kapena tuluka, mwana wanga. Geti silikhala lotsegula."

Anatuluka. Anatsika njira ya pamsika, m'mbali mwa ngalande, imene anali asanaidutse kwa zaka ziwiri.

Mu holo munali modzaza. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo pamenepo panakhala mayi wa magalasi uja, wapampando wa komiti ya dera, ndi kapitawo. Bambo ake anaima pambali, atavala malaya oyera okhawo amene anali nawo, manja atawapinda kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Kapitawo anali ali mkati molankhula.

"Chigawo ndi chawo, kalavati ndi yawo. Ikatseka, tifunse ndani? Ine ndikuti munthuyu wakalamba, ntchito yamukanika."

"Muli ndi chonena, bambo?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Ndinayeretsa Lachiwiri, mayi. China ndilibe."

"Nanga zinyalala zonsezo zinachokera kuti?"

Bambo anayang'ana pansi.

"Zinachokera kusukulu kwathu."

Mawuwo anachokera kumbuyo. Anthu onse anatembenuka. Tcheya anayenda pakati pa mabenchi. Atafika patebulo anatsegula chikwama, n'kutulutsa theka la chinsalu lija, limene analitenga pachingwe m'mawa bambo ake asanadzuke. Pambali pake anaika kalata yopempha lole, yosainidwa, yopanda chidindo, yoongoka bwino chifukwa chogona m'buku.

Anafotokoza zonse, ndipo ulendo uno sanalankhule mothamanga. Sanatchule dzina la mwana aliyense wa Fomu 1. Ananena kuti a mlonda anamuletsa, iye n'kuwanyoza.

Mu holo munabuka phokoso. Mayi wosoka anaimirira.

"Ndiye kuti chikho chanucho mwapambanira pamsana pathu? Inu kumtunda kuwala, ife kuno kusambira m'zinyalala zanu!"

Mayi wa magalasi anamenya patebulo mpaka anthu anakhala chete. Anamuyang'anitsitsa Tcheya.

"Iwe si uja ndinakupatsa chikho Lachisanu? Chakubweretsa kuno n'chiyani? Bambo awa ukuwadziwa?"

"Ndine mwana wawo, mayi."

"Si iwe unandiuza kuti bambo ako ali mu ofesi?"

Panalibe pothawira. Anthu oposa makumi asanu anamva funsolo, ndipo bambo ake analimvanso.

"Ndinanama, mayi. Ndinkachita nawo manyazi." Analoza bambo ake. "Bambo anga ndi awa. Amayeretsa ngalande. Sanalakwe chilichonse."

Bambo sanadzutse mutu. Anangotulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta kumaso, ngakhale kunja kunkazizira.

Mayi wa magalasi anavula magalasiwo n'kuwaika patebulo.

"Mtsikana iwe, walakwa, ndipo kulakwa kwako kwalowa m'nyumba khumi ndi zinayi. Vuto linakukulira, m'malo molikweza kwa amene ali ndi lole, unalitsitsira kwa amene alibe chilichonse. Chikho tikukatenga lero. Za chilango chako akaona aphunzitsi aakulu, chifukwa kumeneko n'kwawo. Koma ndisanatseke, enafe tisadzione oyera. A kapitawo, kalavati itatseka munayang'ana munthu amene anali pafupi nanu, simunayende n'komwe kukwera ngalande kuti muone kumene zinyalala zachokera. Mukanayenda mphindi makumi awiri mukanafika pabowo limenelo. A komiti, mulu unali kuonekera pamwamba pa mpanda masabata atatu, inu n'kumadutsa, kudikira kuti pepala likupezeni pampando. Ndipo ife a khonsolo tinakonza mpikisano woyang'ana m'kati mwa mpanda mokha, ngati kuti sukulu ili pachilumba. Tinauza ana kuti chotsani, osawafunsa kuti mukachotsa zipita kuti. Aliyense wa ife anayang'ana pake pokha, ndipo amene anatsala pang'ono kulipira ndi munthu yekhayo amene anagwira ntchito yake."

Anatembenukira kwa bambo a Tcheya.

"Bambo, mawa mubwerere kuntchito. Lipoti ili ndikuling'amba. Koma tsiku lina mukadzapeza umboni, musadzauike m'thumba."

"Ndamva, mayi," anayankha bambo.

6. Jombo zazikulu

Aphunzitsi aakulu sanamuchotse sukulu Tcheya. Anamuchotsa pampando, n'kulamula kuti kalabu yonse izikathandiza kumsewu wakumunsi Loweruka lililonse mpaka teremu ithe. Bowo lija analimanga n'kuikapo zitsulo. Dzina loti Tcheya silinachoke, koma tsopano anzake ankalitchula mokoka, akuseka. Faelo yobiriwira inatsala kunyumba.

Loweruka loyamba Tcheya anavala jombo zakale za bambo ake. Zinali zazikulu, moti anachita kuikamo nyuzipepala kumapazi. Anatsika ndi bambowo m'ngalande, pafupi ndi kalavati, n'kuyamba kukokolola matope ndi fosholo. Fungo lake linamukwera m'mutu. Asanathe theka la ola, m'manja munali mutatuluka matuza.

"Usamanyamule yodzaza," bambo anamuuza. "Theka, theka. Tsiku ndi lalitali."

Anyamata atatu a m'kalasi mwake anaima pamwamba pa kalavati.

"A Tcheya! Kodi ofesi ija ndi imeneyi?"

Nkhope inamutentha ngati tsiku lija kuseri kwa zimbudzi. Bambo ake anatembenuka n'kuyang'ana kumbali, monga analonjezera.

"Ndi imeneyi," anayankha Tcheya mokweza. "Ababa, musayang'ane kumbali. Awa ndi a m'kalasi mwathu. Inu, perekani moni kwa bambo anga."

Anyamatawo anayang'anana. Mmodzi anavula kapu n'kupereka moni, enawo n'kutsatira mwamanyazi.

Mayi wosoka anatuluka m'shopu yake ndi ndowa ya madzi ndi sopo, n'kuziika m'mbali mwa ngalande. Sanamwetulire.

"Ukamaliza usambe m'manja, ubwere undithandize kuchapa nsalu za eni. Zilipo zambiri."

"Chabwino, mayi."

Dzuwa litakwera, galimoto yoyera yodzaza matope inaima pamsewu. Munatuluka bambo wamtali wovala jekete yonyezimira, ndipo pachitseko cha galimotoyo panali chithunzi cha mtsinje. Anafunsa kanthu kwa mayi wosoka, mayiyo n'kuloza m'ngalande. Bamboyo anafika m'mphepete n'kutambasula chimene ananyamula.

Linali theka lina la chinsalu chija. Pamenepo panali baji ya sukulu ndi mawu oti Kalabu ya Zachilengedwe.

"Ndachokera ku ofesi yoyang'anira mtsinje," anatero. "Ichi tachipeza pa sefa ya pamalo opopera madzi, makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kumunsi kuno, pamodzi ndi majumbo odzaza lole. Makina awiri aima. Madera atatu alibe madzi m'mipopi kuyambira Lamlungu, ndipo chipatala chikutunga ndi ndowa. Kusukulu andiuza kuti wotsogolera kalabu ndimupeza kuno."

Tcheya anayang'ana m'kalavati, mumdima momwe madzi ochepa ankalowera n'kupita kumene iye anali asanafikeko. Anaika fosholo pansi.

"Ndine."

Bambo ake anakwera pamtunda, anasamba m'manja m'ndowa ija, n'kupereka dzanja kuti amukweze.

"Ndi mwana wanga," anauza mlendoyo. "Kumene mukumutengera, ndikupita naye."

Bamboyo anatsegula chitseko chakumbuyo. Tcheya anaona mipando yoyera, anaona jombo zake zamatope, n'kuwerama kuti avule.

"Musavule," anatero mlendoyo. "Kumene tikupitako muzifuna."